Voti ya Kalipentala wa ku Mchesi

Panali munthu wina, kalipentala wa ku Mchesi, amene anachotsa mnzake m'gulu la abale asanamumve. Anamuchotsa ndi chala chimodzi, ataimirira pa utuchi, pensulo ili kukhutu. Atatero anauza anthu kuti ochita zimenezo ndi makina, ndipo bodza limenelo anagona nalo ndi kudzuka nalo miyezi isanu. Ndayamba ndi kulakwa kwake kuti musamuyese munthu wabwino amene anangopunthwa. Tsopano imvani mmene zinayendera.

Dzina lake anali Yotamu Chimwaza. Sukulu analekera Sitandade 6, koma tepi ankaiwerenga bwino, ndipo chitseko chimene wakhoma iye sichinkalira. Ankapanga zitseko, mipando, ndiponso mabokosi a maliro.

Anthu a kumudzi kwawo, kwa Chingondo, amene anabalalika mu Lilongwe ndi m'matauni ena kusaka moyo, anali ndi gulu lawo pa foni. Munali anthu oposa mazana awiri. Gululo silinali la macheza okha ayi. Wina akagonekedwa m'chipatala, anthu ankamvera momwemo. Maliro akagwa, momwemo. Lole yopita kumaliro inyamukira pati, nthawi yanji, ndani abweretse nkhuni, ndani abweretse ufa, zonse momwemo. Munthu amene sanali m'gulumo anali ngati wokhala kuseri kwa phiri: ng'oma inkalira, iye osamva.

Oyang'anira gululo, amene anthu ankawatcha maadimini, analipo asanu, ndipo Yotamu anali mmodzi wa iwo. Inali ntchito yodanitsa. Ukachotsa munthu wotukwana, mawa lake mlamu wake wafika pakhomo pako kudzafunsa kuti unamuchotseranji. Ukamusiya, otukwanidwawo akuti ukukondera. Ndiye Mayi Nachisale, adimini mnzawo amene ankagwira ntchito ya makompyuta, anabweretsa kapulogalamu kothandiza poweruza. Ophunzira ankakatcha boti. Anthu wamba anangokapatsa dzina loti Mlembi, poti ntchito yake inali kulemba ndi kuwerenga basi.

Mlembi ankagwira ntchito chonchi. Munthu akadandaulidwa, ankayamba wamufunsa mbali yake. Kenako ankatumiza dandaulo ndi yankho lomwe kwa adimini aliyense payekha, pansi pake pali manambala atatu: 1, asiyidwe, 2, achenjezedwe, 3, achotsedwe. Maadimini sankaloledwa kufunsana za voti. Aliyense ankadina yekha, ndipo dzuwa la tsiku lotsatira likamalowa, Mlembi ankalengeza chiwerengero pa gulu osatchula dzina la wovota ndi mmodzi yemwe. Anthu anakondwera nazo. Alamu analeka kugogoda m'makomo.

Panali kakhomo kamodzi kokha kobwererera m'mbuyo. Mlandu ukatsekedwa, amene anagonja pa voti sakanatha kuutsegulanso, kuopa kuti milandu ingamangozungulira osatha. Wokhoza kuutsegula anali yekhayo amene anavota kuti munthu achotsedwe. Koma akatero, Mlembi ankalemba dzina lake ndi voti yake poyera, gulu lonse lione. Pofotokoza zimenezi Mayi Nachisale anaseka n'kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Kakhomo kameneko panalibe amene anakakhudzapo.

Pa malamulo onse a gululo, lalikulu linali la maliro. Imfa siinkalengezedwa pa gulu abale a womwalira asanauzidwe ndi munthu. Paja kwathu mwana amene ali kutali sauzidwa kuti bambo ako atisiya. Amauzidwa kuti matenda akula, nyamuka, ndipo mawu enieniwo amakawamva ali pakati pa anthu oti amugwire. Wophwanya lamulo limeneli ankachotsedwa.

Tsono m'gulumo munali bambo wina, Filimoni Kanyumbu, wokonza njinga ku Chinsapo. Anali munthu wa pakamwa posatseka, koma pa maliro ankafika woyamba n'kuchoka womaliza, ndipo khasu la kumanda linkamudziwa. Yotamu anali naye chakukhosi cha zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyambi chake chinali bokosi. Kumudzi kunamwalira mkulu wina wamtali kwambiri, muyezo unabwera pa foni, ndipo Yotamu anakhoma bokosi loperewera ndi chikhatho chathunthu. Anakazindikira ali pa siwa, anthu atadzaza. Pamene Yotamu ankazula thabwa la kumiyendo, thukuta lili kamukamu, Kanyumbu, amene tsikulo anali pakati pa adzukulu okumba manda, anati, "A Chimwaza, malemu apinde maondo mpaka kuti? Paja ulendowu ngwautali, si wa minibasi."

Anthu anaseka, ena mpaka kugwira pakamwa. Mukudziwa inu kuti adzukulu saletsedwa nthabwala pa maliro, ndi ntchito yawo kupepukitsa mitima. Koma kuyambira tsiku limenelo Yotamu anatchedwa a Apinde, ndipo dzinalo linamutsata mpaka ku Mchesi. Ankaseka nawo, koma ndi mano okha.

Mwezi wina wa Januwale, mvula ili pakati, anamwalira a Dzoole, mkulu wa kwa Chingondo amene ankakhala ku Kawale. Yotamu analawira kupita kumeneko ndi tepi yake, poti chichitikire za bokosi lija muyezo ankakatenga yekha. Anapezako Kanyumbu akuzika mitengo ya chisakasa. Mng'ono wa malemu anatuluka m'nyumba maso ali psu, n'kuuza Kanyumbu kuti, "Foni yanga yatha moto. Ana onse ndawauza. Lengezani pa gulu, anthu ayambe kubwera."

Yotamu anali pa khomo pomwepo, tepi ili m'manja. Anamva mawu onse.

Koma si ana onse amene anauzidwa. Panali Etinala, mwana wa malemu wa kwa mkazi woyamba, amene ankagulitsa m'sitolo ku Kasungu. Bambo ake aang'ono aja anamuiwala chifukwa cha chisoni. Etinala, ali kuseri kwa kauntala, anatsegula uthenga wa mawu umene Kanyumbu anaika pa gulu, poyesa kuti ndi nthabwala za masiku onse. Atamva dzina la bambo ake anakomoka, n'kumenyetsa nkhope pa simenti, mano awiri n'kuthyoka.

Gulu linawira. Ena anati pakamwa paja tinanena kale. Ena anati munthu wothamangira kukhala woyamba pa chilichonse, ngakhale pa imfa ya mnzake. Mng'ono wa malemu anapita ndi thupi kumudzi, ndipo manyazi anamutseka pakamwa. Dandaulo linafika kwa Mlembi, Mlembi anafunsa Kanyumbu mbali yake, Kanyumbu anayankha ndi uthenga wa mawu wa mphindi zinayi.

Mawa lake masana Yotamu anali m'shedi yake akupala thabwa la paini, foni n'kulira. Anali Mlembi. Analemba kuti, "Mavoti anayi alowa. Awiri akuti achenjezedwe, awiri akuti achotsedwe. Mwatsala inu. Mverani mbali yake musanavote."

Yotamu anayang'ana uthenga wa mawu uja. Anadziuza kuti bandulo yatsala pang'ono. Anadziuza kuti mphindi zinayi n'zambiri, thabwa likudikira. Kunena zoona bandulo inalimo, ndipo thabwa silithawa. Sanafune kumva chifukwa ankadziwa kale zimene akamve. M'khutu mwake munkalira mawu ena, a zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo: malemu apinde maondo mpaka kuti?

Mlembi anafunsa, "Mwamvera mbali yake?" Yotamu anadina Inde. Kenako anadina 3, n'kubweza foni m'thumba, n'kupitiriza kupala. Akuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chake chinaswa munthu.

Dzuwa likulowa Mlembi analengeza kuti Filimoni Kanyumbu wachotsedwa, mavoti atatu kwa awiri. Anthu anati Mlembi sasewera. Ndipo aliyense wofunsa Yotamu kuti zatheka bwanji kuchotsa munthu wa khasu ngati uja, iye ankapukusa mutu n'kuti, "Makina alibe chisoni, abale. Ife timangoona zotsatira." Maadimini awiri amene anamuimira Kanyumbu aja, aliyense ankayesa kuti mnzake wachiwiri ndi Yotamu, ndipo poti za voti sizinkafunsidwa, panalibe womutsutsa.

Masiku oyamba Yotamu anamva kupepuka. Pa gulu dzina la a Apinde linazimirira. Koma munthu wochotsedwa amaiwalika msanga. Maliro akagwa, aliyense ankayesa kuti wina wamuuza Kanyumbu, ndipo pamene uthenga unkamufika, lole inali itapita kale. Anaphonya maliro awiri. Achiwiriwo anali a nkhoswe yake yeniyeni, munthu amene anamangitsa banja lake. Anamva ataika kale dzulo lake. Kumudzi anthu sanafunse za mavoti, anangoona kuti pa manda palibe Kanyumbu. Anati watukumuka ndi tauni. Anati maliro n'kulirana, tidzaona tsiku lake amene adzamukumbire.

Mawu amenewo Yotamu ankawamva, n'kumangoti, "Zovuta ndithu."

Unafika mwezi wa Juni, wa chisanu ndi mbatata. Loweruka lina chakum'mawa Yotamu akupaka vanishi pa mpando, anamva belu la njinga.

"Odi kuno kwa a Apinde!"

Anali Kanyumbu. Nthabwala inali yomwe ija, koma mawu anali ataphwa, ndipo jekete linkaoneka lalikulu pa iye. Pa kaliyala panali thumba la mbatata. Analitsitsa, n'kuliimika pafupi ndi mulu wa matabwa.

"Ndachedwa kubwera, achimwene. Manyazi. Izi n'za kudimba kwa apongozi, muwapatse alamu akuphikireni."

"Za chiyani izi, a Kanyumbu?"

"Za kuthokoza. Akuti awiri anandiimira. Mmodzi sindikumudziwa, Mulungu amudalitse komwe ali. Koma winayo ndi inu, paja munalipo. Munagonja, koma munayesetsa."

Yotamu anayang'ana bulashi imene inali m'dzanja lake. Vanishi ankadonthera pa nsapato, iye osasuntha phazi.

Kanyumbu anakhala pa benchi yosamaliza, n'kupitiriza. "Ndili ndi pempho limodzi. Mukamva za maliro a kwathu, muzingondifulashira, kuimba ndiziimba ndine. Zobwerera m'gulu sindikupempha, lamulo ndi lamulo, ndipo mwana uja anathyoka mano chifukwa cha mawu anga. Koma mayi ndili nawo kunyumba, sitiroko inawagwira mbali imodzi, mphamvu zikutha. Imfa yawo sindiiopa, akula. Chimene ndikuopa n'kudzawanyamula awiri, ine ndi mkazi wanga, anthu akutiyang'ana chapatali. Mayi aja anaphika pa maliro a mudzi wonse."

Apa ndi pamene munthu wowongoka akananena. Yotamu sananene. Anati, "Musadandaule, achimwene, ndizikufulashirani." Ndipo analandira mbatata.

Madzulo mkazi wake anaphika zingapo. Zinali zabwino, zaufa, zong'ambika zokha. Yotamu anatenga imodzi, inakana kutsika. Anamwera tiyi, inakanabe. Mkazi wake anati, "Mbatata yokoma chonchi mukuiyang'ana ngati mankhwala? Mwadwala?" Iye anati n'chisanu chabe.

Lamulungu atachoka kutchalitchi sanapite kunyumba. Anakatsegula shedi, n'kukhala pa benchi imene anakhalapo Kanyumbu. Anatulutsa foni, n'kubwerera m'mbuyo m'mauthenga a Mlembi, mwezi ndi mwezi, mpaka Januwale. Uthenga uja unali pomwepo, wosatsegulidwa. Anaudina.

Kanyumbu anayamba monga mwa khalidwe lake, kulonjera maadimini mmodzimmodzi, kufunsa za ana, kudandaula za matope a ku Kawale. Kenako anapepesa kwa Etinala. Anafotokoza kuti anachita kutumidwa, ndipo anauzidwa kuti ana onse amva. Chakumapeto, kumene munthu wofulumira sakanafikako, anati: "Komabe mtima wanga uli m'malo. Mwa inu asanu muli a Chimwaza, ndipo anali pa khomo pomwepo. Ine ndi iwo timanyozana, koma munthu uja sanama. Chitseko chake chimakhala chowongoka, mawu akenso chimodzimodzi. Zikomo."

Foni inakhala chete. Panja ana a m'deralo ankasewera mpira wa mapepala, kutali wina ankaimba nyimbo ya kwaya.

Musaganize kuti anadumphira pa chabwino. Anayamba wafunafuna njira yotchipa. Anaganiza zongomufulashira Kanyumbu mokhulupirika mpaka kalekale. Koma kufulasha sikukanabweza dzina la munthu kumudzi. Anaganiza zonyengerera adimini wina kuti atsegule mlandu. Koma akanamuuza kuti chiyani, osadziulula? Anaganiza zodikira kuti mayi aja akadzamwalira adzapereke bokosi laulere, la mtengo wabwino, anthu adzamutame. Ganizo limenelo linamuchititsa manyazi kuposa onse, poti anaona kuti akudikira imfa ya mayi wa mnzake kuti adzayeretsere dzina lake.

Anawerenganso zimene akanataya. Udindo wa adimini ukanapita. Anthu a kwa Chingondo ndiwo ankamupatsa ntchito zambiri, ndipo ndani amakhomesa chitseko kwa munthu wabodza? Kutchalitchi ankakhala pa mpando wa kutsogolo. Dzina la a Apinde linali la bokosi lalifupi chabe. Limene akanapatsidwa tsopano likanakhala la mtima waufupi.

Kenako anakumbukira mawu a Mayi Nachisale, oti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mimba munali mwake. Panalibe wina woti amutsegulire.

Analembera Mlembi kuti akufuna kutsegula mlandu wa Kanyumbu. Mlembi anayankha nthawi yomweyo, mopanda ukali ndiponso mopanda chisoni: "Dzina lanu ndi voti yanu zidzaonekera kwa onse. Mukuvomera?" Yotamu anadina Inde. Ndi chala chomwe chija. Mlembi anati, "Lembani chifukwa." Zala za kalipentala n'zonenepa, zilembo za pa foni n'zazing'ono, ndipo analemba n'kufufuta kangapo. Pomaliza anasiya mawu awa: "Ndinalipo. Anachita kutumidwa, ndinamva ndekha. Ndinavota kuti achotsedwe ndisanamvere mbali yake, chifukwa cha chakukhosi. Ndinanamizira makina."

Anatumiza. Asanatseke n'komwe shedi, foni inayamba kunjenjemera m'thumba ngati mwalowa njuchi. Sanaitulutse. Anadziwa kuti Kanyumbu sali m'gulu, ndipo akachedwa, nkhaniyi ikamufika kudzera pakamwa pa wina, ali yekha, monga imfa ija inamufikira Etinala. Anapita kunyumba, anasenza thumba la mbatata zotsala, anakwera minibasi ya ku Chinsapo.

Anapeza Kanyumbu ali pabwalo, akumata chubu cha njinga. Mayi ake anali pa mphasa chapafupi akuothera dzuwa, atafunda bulangete, mpongozi wawo akuwamwetsa phala. Kanyumbu ataona thumba anaseka.

"A Apinde, zafupika nazonso?"

Yotamu anatsitsa thumba. Anavula chipewa. Ananjuta pansi, pa fumbi, pamaso pa mayi okalamba aja ndi mpongozi wawo ndi anthu odutsa m'njira, n'kunena mawu ake mokweza. Mawuwo ndiwasunga kaye, ndiwanena pomaliza.

Yotamu atatha kulankhula, Kanyumbu anatenga pampu, anapopa chubu, anachiviika m'beseni la madzi kuti aone ngati chikutulutsa mpweya. Anachitembenuza mbali zonse, pang'onopang'ono, ngakhale thovu panalibe. Kenako anafunsa osadzutsa mutu.

"Ndiye mbatata zanga mwadya zingati?"

"Imodzi. Nayonso sinatsike."

"Nkhoswe yanga inaikidwa ine kulibe, a Chimwaza. Imeneyo simungandibwezere."

"Sindingathe."

"Lero sindinena kuti zatha. Ndikanena lero ndikhala ndanama, ndipo abodza awiri pabwalo limodzi achuluka. Mundipatse masiku." Anakankha thumba ndi phazi. "Izi bwererani nazo. Mphatso siibwerera, ngakhale itasochera. Mudye mpaka itsike."

Yotamu anabwerera nalo thumba, ndipo linali lolemera kuposa popita, koma miyendo inali yopepuka.

Mawa lake dzuwa likulowa, Mlembi analengeza kuti Filimoni Kanyumbu wabwezedwa m'gulu, mavoti asanu, wotsutsa palibe. Mng'ono wa a Dzoole, ataona kuti wina wayamba, analemba kuchokera kumudzi kuti n'zoona, anamutuma ndi iye, ndipo amene anaiwala mwana ndi iye. Adimini winanso anaulula kuti uthenga uja anaumvera theka. Etinala analemba mzere umodzi wokha: "A Kanyumbu, mano ndinaikitsa ena, bwerani tizicheza."

Koma mlandu suwola. Anthu anamudandaula Yotamu kwa Mlembi, ndipo Mlembi anamufunsa mbali yake monga amafunsira aliyense. Iye anayankha kuti alibe mbali. Ambiri pa gulu ankafuula kuti achotsedwe, alawe zimene analawitsa mnzake. Voti ili mkati, panabwera uthenga wa mawu, woyamba wa Kanyumbu chibwerereni. Unali waufupi modabwitsa. Anati, "Kunja kuja ndakhalako miyezi isanu, abale, ndipo sindingatumizeko ngakhale galu. Udindo muwalande, n'zoyenera. Koma amene akufuna kuwachotsa a Chimwaza ayambe wandiuza kuti bokosi langa adzakhoma ndani. Ine ndikufuna lalitali, ndipo munthu amene anaphonyapo kamodzi ndiye amayeza kawiri."

Maadimini anayi anavota. Yotamu anachenjezedwa, udindo anamulanda, koma m'gulu anatsalamo. Ena analeka kumupatsa ntchito, ndipo ena mpaka lero samupatsa. Loweruka lotsatira amayi khumi ndi awiri a kwa Chingondo anapita ku Chinsapo ndi nkhuni ndi sopo, anawasambitsa mayi a Kanyumbu, anawaimbira nyimbo za kwawo. Pamene ndikulemba pano akali moyo, ndipo dzanja lofa lija layamba kugwira kapu. Patapita milungu itatu, Kanyumbu anafika ku Mchesi ndi mpando wothyoka mwendo kuti Yotamu aukonze, ndipo sananenepo za mlandu. Yotamu anamva kuti masiku aja akwana.

Mayi Nachisale anamukonzanso Mlembi. Tsopano manambala ovotera satuluka mpaka uthenga wa wodandaulidwa utalira mpaka kumapeto. Koma iwo eni anati makina angakakamize foni kulira, sangakakamize khutu kumva.

Tsono inu amene mwamva fanizoli, ambiri mwa inu muli ndi timagulu tanu, ta mpingo, ta kusukulu ya ana, ta kumudzi, ndipo ena mwa inu munapatsidwa mphamvu yodina. Mlembi sanalakwe. Anawerenga zala zisanu ndipo anawerenga bwino. Chinsinsi cha voti anachiika kuti wonena zoona asaope alamu okwiya, osati kuti wa chakukhosi apeze pobisala. Mukamadina, dziwani kuti kuseri kwa nambala kuli munthu, ndipo kuseri kwa munthuyo kuli mayi ake pa mphasa. Ngati m'foni mwanu muli uthenga umene munaweruza musanautsegule, kautseguleni lero. Ngati munaweruza kale mokhota, kakhomo kobwererera kalipo, ndipo mtengo wake ndi dzina lanu. Lipirani, si wokwera ngati mmene mukuopera. Musandifunse mmene ndinadziwira kuti mbatata imakana kutsika kukhosi.

Koma makina amabweza nambala m'gulu, sapepesa. Kupepesa kumafuna miyendo, fumbi ndi pakamwa. Mawu amene kalipentala uja ananena atanjuta pabwalo la ku Chinsapo ndi awa:

"A Kanyumbu, mbatata izi si zanga. Sindinali mwa awiri aja. Ndinali wachitatu, amene anakuchotsani. Ndinamva ndi makutu anga mukutumidwa, ndinakhala chete. Uthenga wanu sindinaumvere mpaka lero. Ndinachita zimenezi chifukwa cha nthabwala ya bokosi, ndipo bokosilo ndinafupikitsa ndine. Si makina, achimwene, ndine. Mayi, ndinu amene ndikanakusiyani opanda okunyamulani. Ndinalakwa. Pepani."